Magalimoto Akale: Tisafulumire Kuwaika pa Sikelo

Caka ndi caka, pa Sondo loyamba la mwezi wa November, mu mzinda wa London ku Mangalande mumacitika cinthu cimene munthu wa kwathu kuno atacionera angathe kugwira pakamwa. Dzuwa likungoturuka, amuna ndi akazi, ena mwa iwo nkhalamba za imvi, amasonkhana pa bwalo lochedwa Hyde Park ndi magalimoto oposa 300, onsewo opangidwa caka ca 1905 cisanafike. Ena alibe denga, ena amayenda ndi nthunzi monga sitima zakale za pamtunda, ndipo ena ciongolero cace ndi ndodo cabe yonga ya bwato. Ulendo wao ndi wa ku Brighton, mzinda wa m'mbali mwa nyanja, mtunda wa mamailosi pafupifupi 60. Si mpikisano iai. Ali yense amene wafika nthawi ya 4.30 madzulo isanakwane amalandira mendulo, kaya wafika woyamba kaya wotsiriza.

Mwambo umenewu uli ndi mbiri yace. M'caka ca 1865 nyumba ya malamulo ya ku Britain inaika lamulo lakuti makina oyenda okha pa mseu asapitirire mamailosi 4 pa ora kumidzi ndi mamailosi 2 m'tauni, ndiponso kuti munthu aziyenda pansi patsogolo pace atanyamula mbendera yofiira. Pa 14 November 1896 lamulo latsopano lokweza liwiro linayamba kugwira nchito, ndipo eni magalimoto owerengeka amene analipo anakondwerera tsikulo poyenda kucokera ku London kukafika ku Brighton. Mu 1927 ulendowo unatsitsimutsidwa, ndipo mu 1930 ena mwa amene anayenda nao anagwirizana kuyambitsa kalabu yochedwa Veteran Car Club, imene ikalipo mpaka lero. Kalabu imeneyo ndiyo imasunga mapepala ofotokoza za magalimotowo, ndiyonso imafufuza ndi kutsimikiza caka cimene galimoto iri yonse inapangidwa.

Awerengi okondedwa, nkhaniyi sindinaibweretse kuti tisirire Azungu. Ndaibweretsa cifukwa m'midzi mwathu muno, kuseri kwa nkhokwe ndi pansi pa mitengo ya mango, muli magalimoto amene akuola, ndipo ambiri a iwo akupita kwa ogula sikirapu pa mtengo wa mbuzi. Maganizo anga ndi akuti tikutaya cinthu cimene sitidzacipezanso, ndi kuti njira yocipulumutsira ndi yomweyo ya kalabu, cifukwa munthu mmodzi payekha sangathe.

Ndidziwa bwino cimene mlimi wa ku Vubwi kapena wa ku Chama adzayankha. Adzati: "Amenewo ndi masewera a anthu okhuta. Ine mutu wanga uli pa feteleza ndi pa ndalama za sukulu za ana." Mau amenewa sindingawakane onse. Ku Ulaya masewerawa amadya ndalama zambiri, ndipo kuno kwathu liu lakuti kalabu liri ndi cipsera cace, popeza m'masiku a atsamunda makalabu a m'tauni anali malo amene munthu wakuda ankalowamo pokhapo ngati wanyamula thireyi. Amene anaona zimenezo ali ndi cifukwa cokwanira cokaikira. Koma tiyeni tiyambe taona kuti galimoto yakale imene tikunena ndi yotani.

Pali bungwe la maiko onse loona za magalimoto akale lochedwa FIVA, limene linakhazikitsidwa mu 1966. Bungwelo limati galimoto imalowa m'gulu la magalimoto a mbiri ikakwanitsa zaka 30, ngati yasungidwa m'maonekedwe ace oyamba, ndipo ngati sikugwiritsidwanso nchito pa maulendo a tsiku ndi tsiku. Tsono tawerengani zaka. Land Rover ija inatsala pa mishoni, vaneti ya Peugeot 404 imene agogo anagula atagulitsa fodya, Datsun 1200 ya aphunzitsi akulu opuma pa nchito, lole ya Bedford imene inkatuta cimanga kumka naco ku Namboard, thirakitala ya Ferguson imene inaima pa dambo, zonsezi zinapitirira kale zaka 30. Ngakhale galimoto ya 1990 inalowa kale m'gululo. Motero magalimoto akale tiri nao. Kusiyana kwace nkwakuti kwa anzathu amawasunga m'nyumba nawapukuta, pamene kwathu nkhuku zikuikiramo mazira.

Ndipo magalimoto athuwa ali ndi mbiri imene ndi yathu, yosabwereka. Amene anafikako ku Chilenje mu Lusaka, pa nyumba ya nambala 394 imene a Kenneth Kaunda anakhalamo kuyambira mu 1960 mpaka mu 1962, anaona Land Rover imene inayenda nao m'masiku omenyera ufulu. Inasungidwa cifukwa mwini wace anadzakhala Mtsogoleri wa dziko. Koma ufulu sunanyamulidwe ndi galimoto imodzi. Pamene Ian Smith analengeza ufulu wace wolanda pa 11 November 1965, mafuta amene ankabwera kudzera kum'mwera anaduka, petulo inayamba kugawidwa ndi makuponi, ndipo dziko linayenda cifukwa ca madalaivala amene ankatuta madiramu kucokera ku Dar es Salaam pa mseu wa fumbi ndi matope, umene kuopsa kwace kunaupatsa dzina lakuti Hell Run. Ambiri anafera pa mseu umenewo paipi ya TAZAMA isanafike ku Ndola mu 1968. Kodi ndi angati mwa adzukulu athu amene anaikhudzapo ndi dzanja lole ya masiku amenewo? Ku Livingstone kunali fakitale imene kuciyambi kwa zaka za m'ma 1970 inayamba kulumikiza magalimoto a Fiat, ndipo ku Ndola ankalumikiza ma Land Rover. Manja a anthu a dziko lino ndiwo anamanga mabauti ace. Mwana wa lero, amene aona magalimoto ogwirapo kale nchito akutsika kucokera ku Japan, angaganize kuti Zambia sanamangepo galimoto ciyambire. Fiat 127 imodzi yoyenda bwino ingamphunzitse zimene buku la sukulu lalephera.

Kunena za Peugeot, akuluakulu a Kum'mawa safuna kuuzidwa. Mtundu wa 404 unapambana mpikisano woopsa wa East African Safari kanai konse, mu 1963, 1966, 1967 ndi 1968, ndipo anthu anauzindikira kuti ndi galimoto ya miseu yathu. Ku France analeka kuupanga mu 1975, koma ku Kenya anapitiriza mpaka 1991. Pa mseu wa Great East, m'zitunda za ku Manenekela ndi potsikira ku ulalo wa Luangwa, ma 404 ndi ma 504 ananyamula odwala, akwati, maliro ndi matumba a nshawa kwa zaka zambiri.

Tsopano tifike pa funso leni leni: cifukwa ninji kalabu? Bwanji mwini galimoto osangoikonza yekha?

Yankho liri pa zimene timaona. Pafupifupi galimoto iri yonse yakufa m'mudzi inafa ndi kanthu kakang'ono. Pampu ya madzi inadontha, kapena giya inakana, mwini nati ndidzakonza ndikagulitsa thonje. Thonje linagulitsidwa, ndalama inapita ku maliro. Caka cotsatira matayala anaphwa. Wina anabwereka batire, wina anapempha kabureta nati abweza mawa, ana anaswa galasi ndi legeni, makoswe anadya nthambo za magetsi. Patapita zaka zisanu, galimoto imene inkafuna citsulo cimodzi ifuna makumi asanu, ndipo mwini wace wataya mtima. Mutu umodzi susenza denga. Koma m'boma limodzi lomwelo mungapezeke ma Land Rover anai akufa, iri yonse ndi nthenda yace. Yoyamba injini iri bwino koma chasisi inadyeka ndi dzimbiri. Yaciwiri chasisi njolimba koma injini inagwira. Yacitatu iri ndi magiya abwino. Eni ace sadziwana, kapena adziwana koma sanakhalepo pansi pamodzi. Akanakhala pansi, mwa anaiwo mukanaturuka awiri oyenda. Nchito yaikuru ya makalabu a ku Ulaya ndi imeneyi: kudziwitsana kuti citsulo cakuti ciri kwa uje, kubwerekana mabuku a makonzedwe, ndi kusonkherana ndalama kuti mmisiri asule citsulo cimene fakitale inaleka kupanga. Zisoti ndi zithunzi zimene timaona m'manyuzi ndi za tsiku limodzi pa caka.

Koma cimene cindidetsa nkhawa koposa zitsulo ndi nzeru za anthu. Galimoto yakale imamveka ndi khutu. Makaniko wa kale ankaimika sikuludiraiva pa injini, naika khutu ku cigwiriro cace, nakuuzani kuti bvuto liri pa silinda yacitatu. Ankayesa mpata wa mapointi ndi kapepala ka paketi ya fodya, ankasintha mpweya wa kabureta mpaka injini italira mofatsa, ankadziwa mwa kuona mtundu wa mwaye pa pulagi ngati petulo icuruka kapena icepa. Galimoto za masiku ano ziri ndi kompyuta m'kati. Mnyamata amalumikiza makina, makinawo namuuza citsulo coyenera kucotsa, iye naikapo cina catsopano. Sindikunyoza anyamatawo, pakuti nchito yao iri ndi luso lace. Ndikungoti ndi nchito ina, ndipo ya kale ija ikupita kumanda pamodzi ndi eni ace.

Nzeru zimenezo tinazigula ndi mabvuto. Mtengo wa mkuwa utagwa mu 1975, ndalama zakunja zinasowa, ndipo kwa zaka zoposa khumi masipeya anali osowa ngati mvula ya mu July. Amakaniko athu ankadula magasiketi pa cikatoni, ankasema mabushi pa tayala lakutha, ankaika injini ya mtundu wina m'galimoto ya mtundu wina niyenda. Dziko la Cuba ndi lochuka pa zomwezi. Cifukwa ca ziletso za malonda zimene America inaika, zimene zinakhwima mu 1962, anthu a kumeneko anasunga ma Chevrolet ndi ma Ford a m'ma 1950 ali amoyo kwa zaka makumi makumi, ambiri ataikidwa injini za dizilo, ndipo alendo a maiko akutali akhala akulipira ndalama kuti akwere m'magalimotowo mu mzinda wa Havana. Amisiri athu sanali ocepa nzeru kwa a ku Cuba. Kusiyana nkwakuti pamene malonda anatseguka m'ma 1990 ife tinataya zakalezo tsiku limodzi, monga munthu wotaya nkhwangwa cifukwa waona mpeni wonyezimira.

Tikumbukire za Nc'wala. Mwambo umenewu unakhala wosacitika kwa zaka zoposa 80 Angoni atagonjetsedwa mu 1898, koma mu 1980 unadzukanso, cifukwa panali nkhalamba zimene zinamva kwa makolo ao m'mene unkacitikira. Kukanacedwa ndi mbadwo wina umodzi, kukanakhala kungopeka. Sindikuyerekeza galimoto ndi mwambo wa mafumu, ndipepese kwa eni ace. Ndikungonena kuti cinthu cimadzuka pamene wocidziwa akali ndi mpweya. Amakaniko amene anaphunzira nchito m'magalaji a boma, a mishoni ndi a UBZ lero ndi okalamba, ndipo ambiri anabwerera kumudzi. Ena ali m'mudzi mwanu momwemo, akuweta nkhunda, palibe wowafunsa kanthu. Kalabu imene ndikunena iyenera kuyamba ndi iwo, ndipo akhale pa mpando, osati pa mphasa.

Kalabu yotere sifuna nyumba ya njerwa kapena mlembi wobvala tayi. Ife a kumidzi makalabu tiwadziwa kale: makalabu a amai, a alimi acinyamata, magulu a cilimba amene amasonkha ndalama mwezi ndi mwezi napatsa mmodzi. Anthu asanu ndi mmodzi okumana pa Ciweru cimodzi pa mwezi pansi pa mtengo, wina ndi jeke, wina ndi masipana, wina ndi nzeru, wina ndi mphamvu za unyamata, ndi kalabu yokwanira. Mwezi uno onse agwira galimoto ya uyu, mwezi wa mawa ya winayo. Amene alibe galimoto asatsekeredwe kunja. M'makalabu ambiri a kunja munthu amalowa cifukwa ca cikondi cabe. Ndipo amai asaitanidwe kudzaphika nsima yokha, popeza magalimoto ambiri otsala m'midzi ali m'manja mwa amai amasiye.

Mathirakitala ndi njinga zamoto zilowe nao. Thirakitala yaing'ono yotuwa ya Ferguson, imene inapangidwa ku Coventry kuyambira 1946 mpaka 1956 ndipo inaposa theka la miliyoni, iri ndi oikonda ace ku Britain amene amacita nayo mipikisano ya kulima mizere yoongoka. Massey Ferguson 135 ya m'ma 1960 ndi 1970 masipeya ace akupangidwabe. Imeneyi ikadzuka sikhala yoonetsa cabe, imakoka ngolo ndi kulima munda, ndipo pamenepo ngakhale mlimi uja wa feteleza adzaona phindu lace.

Kusangalala nakonso kuli ndi malo ace, tisacite manyazi kukunena. Munthu amene wamva injini imene inakhala cete zaka khumi ikutsokomola, kenaka nilira, adziwa cimwemwe cimene ndikunena. Ana amathamanga kucokera kumadimba, nkhalamba zimayamba kusimba za ulendo wa ku Fort Jameson pa basi ya Thatcher Hobson. Ku Nairobi, kalabu ya eni magalimoto a Alfa Romeo yakhala ikucititsa cionetsero ca magalimoto akale kwa zaka zoposa 50, ndipo oweruza amayang'ana ngakhale kunsi kwa galimoto kuti aone ukhondo wace. Ku Mutare m'Zimbabwe nyumba yosungiramo zakale iri ndi cigawo ca magalimoto. Ife tiri ndi zionetsero za ulimi m'maboma mwathu caka ciri conse. Kodi cingalepheretse nciani kuti pambali pa ng'ombe ndi maungu pakhale ngodya ya magalimoto atatu akale, ali yense ndi cikwangwani cofotokoza amene anaigula, caka cace, ndi nchito imene inagwira? A makomiti a zionetsero aganizirepo.

Mdani wamkuru wa zonsezi ndi sikelo. Ogula zitsulo zakutha amayendayenda m'midzi ndi malole, ndipo sindiwaimba mlandu, pakuti malonda ao ndi ololedwa ndipo amayeretsa malo. Koma iwo amagula kulemera. Kwa iwo giyabokosi yabwino ndi mphika wobooka ndi cimodzimodzi. Land Rover amaikonda koposa cifukwa thupi lace ndi la aluminiyamu, citsulo cimene mtengo wace uposa wa citsulo wamba. Inapangidwa motero kuyambira mu 1948 pamene citsulo cinali cosowa ku Britain nkhondo itatha. Tsiku limodzi la nkhwangwa ndi moto wa gasi limatsiriza galimoto imene inapirira zaka 50, ndipo zidutswa zace zimakathera m'ng'anjo. Sindikuti galimoto iri yonse ipulumutsidwe. Iripo ina imene inaola kotheratu, ndipo banja losowa cakudya liri ndi ufulu wonse wogulitsa cace. Cimene ndikupempha ncakuti musanaitane wa sikelo, muyambe mwaitana munthu wodziwa kuti aone. Injini, giyabokosi, ma akiselo, nyali, zitseko, ngakhale kacizindikiro ka mkango ka pa Peugeot, zikagulitsidwa pacokha kwa wozifuna zimabweretsa ndalama yoposa ya pa sikelo. Safunsa anadya phula.

Pali cinanso cimene cimaoletsa magalimoto, ndipo ncobvuta kucinena: milandu ya cuma ca masiye. Bambo akamwalira, abale ace akuti galimoto njathu, ana akuti njathu, mai wamasiye angoti cete. Popeza palibe wogonja, galimoto imaima pomwepo mpaka mtengo utamera pakati pace, onse nataya. Lamulo la 1989 loona za cuma ca munthu womwalira wosasiya wilo linafotokoza magawo a mkazi kapena mwamuna wotsala, a ana, a makolo ndi a ena odalira womwalirayo, ndipo limafuna kuti pakhale woyang'anira cumaco wobvomerezedwa ndi khoti. A kalabu asagule kapena kutenga citsulo pa galimoto yotere popanda cilolezo ca woyang'anirayo, ndipo asagule galimoto iri yonse yopanda buku la umwini, kapena imene nambala ya pa chasisi isiyana ndi ya m'buku. Kalabu imene yayamba ndi katundu wa mkangano idzathera ku polisi.

Kwa amene ali ndi galimoto yoima koma alibe ndalama yoikonzera caka cino, pali zocita zosafuna ngwee. Ikwezeni pa miyala kapena pa zipika kuti matayala acoke pansi ndi cinyontho cisafike ku chasisi. Imangireni kacisakasa ka udzu, koma osaikuta ndi pulasitiki yomata, cifukwa imasunga thukuta ndi kufulumiza dzimbiri. Musaisiye pansi pa mtengo wa mango, pakuti masamba amatseka tinjira ta madzi naoletsa citsulo. Masulani mapulagi, thirani oilo pang'ono m'mabowo mwace, bwezerani mapulagiwo, ndipo kamodzi pa mwezi zungulizani injini ndi dzanja kuti isagwire. Ma Land Rover akale ali ndi hendulo yace ya nchito imeneyo. Lambulani udzu mozungulira nyengo ya lupsa isanafike. Ndipo phunzirani kukana wobwereka citsulo, ngakhale akhale mlamu wanu.

Ndiyenera kucenjezanso, cifukwa cikondi ca zakale cisatipangitse khungu. Galimoto ya 1965 si yotetezeka monga ya lero. Yambiri iribe malamba. Lamba wa pacifuwa ndi m'ciuno amene tidziwa anayamba ndi kampani ya Volvo mu 1959, ndipo anatenga zaka kuti afalikire. Mabuleki a magalimoto ambiri akale ali ndi njira imodzi yokha ya mafuta, kotero kuti paipi imodzi ikaphulika mawilo onse anai amataya mabuleki nthawi imodzi. Mafuta a mabuleki amayamwa madzi, mipira yace imauma, ndipo tayala la zaka 15 lingaoneke la mano koma m'kati linafa kale. Cotero nchito yoyamba pa galimoto youkitsidwa ndi mabuleki, ciongolero ndi matayala. Penti ibwere potsiriza, ngakhale ndidziwa kuti mtima umafuna kuyamba ndi penti. Ikafuna kuponda mseu wa boma ipite ku RTSA ikayesedwe, ikhale ndi laisensi ndi inshuwalansi monga ina iri yonse. Ndipo wina asaidzutse kuti azinyamulira anthu makumi awiri ndi matumba pamwamba pa mseu wa Lundazi. Ameneyo sakusunga mbiri, akukumba manda. Kalabu yabwino imadzudzula membala wotere poyera.

Eni ace adziwenso kuti petulo inasintha. Ya kale inali ndi mtovu, umene unkateteza mipando ya mavavu m'injini, koma unkaononga ubongo wa ana, ndipo maiko a kuno kum'mwera kwa Sahara anaileka pofika kuciyambi kwa 2006. Injini zina zakale za mutu wa citsulo, monga ya Morris Minor, zikathamangitsidwa kwambiri pa petulo ya lero mipando ija imadyeka. Mankhwala ace ndi kuikitsa mipando yolimba kwa amisiri a makina, kapena kuthira mankhwala apadera m'thanki, kapenanso kungoyenda mofatsa. Izi ndi zina mwa zimene munthu payekha amazidziwa injini itaonongeka kale, pamene wa m'kalabu amazimva kwa mnzace pasadakhale.

Nanga za kulemera? Mu May 2022 galimoto ya Mercedes-Benz 300 SLR ya 1955 inagulitsidwa pa mayuro 135 miliyoni, ndipo mbiri yotere ikamveka pa wailesi ena amayamba kuyang'ana cigoba ca kuseri kwa nyumba ngati mgodi wa emarodi. Acepetse mtima. Ya mtundu umenewo anapanga ziwiri zokha pa dziko lonse, pamene ma Peugeot 404 anapangidwa oposa mamiliyoni awiri. Kawirikawiri ndalama yokonzera galimoto wamba imaposa mtengo woigulitsira. Wolowa m'kalabu kuti alemere adzaturuka msanga, ndipo ndi bwino aturuke. Komabe mtengo ulipo, makamaka pa ma Land Rover akale, amene ofuna ace anacuruka ku Ulaya fakitale ya ku Solihull italeka kupanga mtundu wa Defender wakale mu January 2016. Mlendo akafika pakhomo ndi mau okoma nati angokuthandizani kucotsa cinyalala, dziwani kuti galu wamkota sakandira pacabe. Muuzeni abwere sabata la mawa, inu mufunse kaye.

Liu langa lina lipite kwa abale athu a m'tauni, a ku Lusaka ndi ku Migodi, amene ali ndi ndalama ndipo asunga ma Mercedes ndi ma Jaguar onyezimira m'magalaji ao. Acita bwino, ndipo palibe wowacitira nsanje. Koma ngati kusunga kwao kuthera pa magalimoto amene ankakwera mabwana, ndiye kuti mbiri imene idzatsala ndi ya mabwana okha. Vaneti imene inanyamula mzamba usiku kumka naye ku mudzi wakutali iyenera malo pa mzere womwewo. Akamapita kumidzi kukafuna masipeya alipire mtengo woona, ndipo akapeza nkhalamba yodziwa kabureta aitenge ngati mphunzitsi, ailipire ngati mphunzitsi. Masukulu ophunzitsa za umisiri, monga ya ku Chipata, angapindulenso: injini yakale yosabisa kanthu ndiyo yabwino kuphunzirirapo mwana asanafike pa za kompyuta.

Poyambira pace mpapafupi. Pa msonkhano woyamba pasakhale masipana, pakhale kope la sukulu ndi bolopeni. Lembani galimoto iri yonse yakale imene mudziwa m'dera la mfumu yanu: mtundu wace, nambala ya pa chasisi, kumene iri, mwini wace, ndi cimene cinaiimitsa. Kenaka tumani anyamata awiri kwa dalaivala wace wakale, ngati akali moyo, akamfunse kuti inagulidwa kuti, ndi ndalama ya mbeu yanji, inayenda miseu iti, ndipo inanyamulapo yani. Alembe monga momwe iye akunenera, osakonza mau ace. Mafumu ndi anyakwawa adziwitsidwe, kuti wogula sikirapu akafika m'mudzi ayambe waonekera kwa iwo. Msonkhano waciwiri ndiwo musankhe galimoto imodzi, imene bvuto lace ndi locepa kuposa onse, muikokere pa mthunzi ndi ng'ombe, ndipo muyambe ndi kumasula mawilo kuti muone mabuleki.